Gombe la Nkhotakota ndi la Nkhata Bay

Maboma a Nkhotakota ndi Nkhata Bay anagundana malire m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, kutsidya la kumadzulo. Nkhotakota ili m'chigawo chapakati pamene Nkhata Bay ili kumpoto, ndipo msewu wa M5 wochokera ku Salima umadutsa konseko, malire ali cha ku Dwambazi. Nyanja ndi yomweyo, mphepo ndi zomwezo, koma anthu a maboma awiriwa salima mofanana ndipo sakhala mofanana. Chimene chinawasiyanitsa kwambiri ndi malo amene mapiri anaima.

Ku Nkhotakota mapiri ali kutali ndi madzi. Pakati pa nyanja ndi mtunda pali chigwa chachikulu, ndipo mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Kaombe ikatsika kumtunda imayenda mwaulesi n'kumwazikana m'madambo. Gombe ndi lamchenga ndi mabango, madzi ndi osaya, moti munthu amayenda kamtunda ndithu madzi akadali m'chiuno. Kumwera kwa boma kuli thamanda lalikulu la Chia, lomwe limalumikizana ndi nyanja pa kamtsinje kopapatiza. Ku Nkhata Bay mapiri a Viphya anayandikira. Cha ku Kande ndi Chintheche mchenga ukadalipo, koma kuyambira pa boma kukafika ku Usisya ndi Ruarwe zitunda zimatsetserekera m'madzi mwenimweni, ndipo midzi inamangidwa m'timagomo ndi m'timakhwawa. Kufupi ndi gombe limeneli ndi kumene nyanja inazama koposa, mamita pafupifupi 700.

Kutentha kuli konse, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo udzudzu sukondera boma. Mvula nayonso imagwa yambiri konse kuwiri. Kusiyana kuli pa nthawi imene imalekera. Ku Nkhotakota imayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, n'kulimba kufikira Malichi kapena Epulo, kenaka imakata. Pofika Ogasiti udzu wauma, tchire likupsa. Ku Nkhata Bay sizitero. Mphepo ya mwera, yochokera kumwera chakum'mawa, imawoloka nyanja itanyamula chinyontho, ndipo ikagunda mapiri imakwera, kuzizira, n'kugwetsa mvula. N'chifukwa chake Epulo ndi mwezi wa mvula yamphamvu kumeneko, ndipo mvumbi umapitirira mpaka Juni ngakhale Julayi, pamene kwina konse anthu anakolola kalekale. Nkhalango za Kalwe ndi Mkuwazi zimakhala zobiriwira chaka chonse.

Chinyontho chotere chinalola mbewu zimene sizichita bwino m'madera ambiri a dziko lino. Ku Kawalazi kuli minda ya tiyi, ndipo ku Vizara kuli mitengo ya labala. M'mamawa wantchito amatema khungwa la mtengo mopendeketsa, utomoni woyera ngati mkaka n'kumadonthera m'kachikho komangirira pathunthu. M'mphepete mwa msewu anyamata amagulitsa mipira yokulunga ndi utomoni womwewo, akuidundira pa tala kuti apaulendo aone mmene imanjanjira.

Chuma cha Nkhotakota chili m'dambo. Mpunga unafala m'zaka za m'ma 1840 ndi pambuyo pake, pamene Mswahili Salim bin Abdallah, amene ankatchedwa Jumbe, anakhazikika pamalopo. Iyeyu ndi omutsatira ankachita malonda a minyanga ndi akapolo, amene ankawawolotsa nyanja pa zombo kupita ku Kilwa. David Livingstone anafikako mu 1861, ndipo mtengo umene akuti anakumanirapo ndi Jumbe umasonyezedwa kwa alendo. Ulamuliro wa a Jumbe unatha m'zaka za m'ma 1890, koma unasiya Chisilamu, migwalangwa ya ngole ndi mpunga wa faya. Kumpoto kwa boma, chigwa cha Dwangwa chinasanduka minda ya nzimbe kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo fakitale ya shuga inakoka anthu a m'maboma ambiri. Kumtunda kuli nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, ya makilomita pafupifupi 1,800 m'litali ndi m'lifupi mwake pochulukitsa, kumene mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Midzi yoyandikana nayo imavutika ndi kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera.

Pa nkhani ya nsima maboma awiriwa ndi pachibale, pakuti konse amadya kondowole, ngakhale kwa Atonga a ku Nkhata Bay ndiye chakudya chenicheni cha tsiku ndi tsiku. Chinangwa chimakonda dothi lamchenga ndipo chimasungika m'munda momwemo, osafuna nkhokwe. Amayi amachikumba, kuchisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kuchoke. Chikafewa amachiyanika pathandala, kenaka kuchisinja. Nsima yake ndi yonanda, yofuna mkono wolimba potakasa, ndipo mlendo wozolowera ya mgaiwa amavutika kutema mbamu yoyamba. Ndiwo zake ndi chigwada kapena usipa. Ku Nkhata Bay amanyadiranso nsomba ya batala. Ntchentche za nkhungu zikatuluka m'nyanja ngati utsi n'kukankhidwira kumtunda ndi mphepo, amazikola ndi malichero, kuziumba timitanda n'kuziyanika.

Usodzi umatsata kuya kwa madzi. Pa mchenga wa Nkhotakota n'kosavuta kukoka khoka, ndipo ku Chia anthu amatchera maukonde ndi miono. Mu mtsinje wa Bua mumakwera mpasa kukaswana. Ku Nkhata Bay, kumene miyala ingang'ambe khoka, asodzi amadalira chilimira. Usiku wopanda mwezi siginala amatsogola ndi bwato la nyali, usipa n'kusonkhana pa kuwalako, anzake n'kuzungulira ndi ukonde. Mwera ukakalipa, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mabwato amagona kumtunda ndipo nsomba zimakwera mtengo konse kuwiri.

Malo olima pokhala ochepa, anthu a ku Nkhata Bay anayamba kale kudalira sukulu ndi ulendo. Mishoni ya Livingstonia inasamukira ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, ndipo Atonga ambiri anaphunzira msanga n'kupita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Mmodzi wa iwo, Clements Kadalie, anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Magule a malipenga ndi chilimika amaonetsabe kukonda ukhondo ndi kutchena kumene Atonga amadziwika nako. Ku Nkhotakota mitundu inasakanikirana: kumtunda kuli Achewa ndi gule wamkulu, kumpoto kuli Atonga, ndipo pa boma mizikiti inayandikana ndi tchalitchi cha Anglican cha mishoni imene inayamba mu 1894.

Ngakhale mayendedwe a panyanja amasiyana. Nkhata Bay ili ndi doko lakuya lotetezedwa ndi zitunda, ndipo sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, imadalira malowa ponyamula anthu ndi katundu wa ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe. Ku Nkhotakota madzi ndi osaya, choncho sitimayo ikaimako imaponya nangula patali, ndipo apaulendo ndi matumba awo a mpunga amakaifika pa maboti aang'ono.