Foni yaphweka, koma PIN ndi yanu nokha

Kale kompyuta inali ya akatswiri okhaokha. M'zaka za m'ma 1950, makina amodzi ankadzaza chipinda chonse. Pofuna kuwauza chochita, ankaboola timabowo pa makadi a pepala n'kuwalowetsa m'makinamo. Kenako kunabwera mabatani olembera, koma munthu ankayenera kuloweza malamulo a m'Chingerezi. Akalakwitsa chilembo chimodzi, makina ankakana.

Mu 1968, ku San Francisco, Douglas Engelbart anaonetsa kachipangizo kolozera zinthu pagalasi la kompyuta. Anakatcha mouse, kutanthauza mbewa, chifukwa chingwe chake chinkaoneka ngati mchira. Mu 1984 kampani ya Apple inatulutsa kompyuta ya Macintosh, yokhala ndi tizithunzi m'malo mwa malamulo. Kutaya kalata kunali kuikokera pa kachithunzi ka bini. Mu 2007 iPhone inatchukitsa foni yongokhudza ndi chala. Lero pa WhatsApp, agogo a ku Angónia amadina kachithunzi ka maikolofoni n'kulankhula ndi mdzukulu wawo ku Johannesburg, osalemba chilembo n'chimodzi chomwe.

Komatu pa ndalama zinthu sizili choncho. M-Pesa inafika ku Mozambique mu 2013. Mukaimba *150#, kapena *898# ya e-Mola, simuona tizithunzi. Mumaona mndandanda wa manambala ndi mawu a Chipwitikizi. Mukachedwa kusankha, mndandandawo umatseka.

Apa ndi pamene ambiri amapereka foni kwa mnzawo kapena kwa wothandiza pa sitolo, n'kumuuzanso PIN. Wodziwa PIN yanu akhoza kuchotsa ndalama zanu zonse mukangoyang'ana kumbali.

Mawu ofunika si ambiri. Transferir ndi kutumiza. Levantar ndi kutapa ndalama. Saldo ndi ndalama zimene zatsala. Confirmar ndi kuvomereza. Alembeni m'kope lanu, muwawerenge ndi aphunzitsi, kenako muwafufuze pafoni panu.

Musanavomereze, werengani nambala ya wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama kawiri. Wina akhoza kukuwerengerani mawu, palibe manyazi. Koma nthawi yolemba PIN ikafika, tengani foni m'manja mwanu, mubise ndi dzanja, mulembe nokha.