Moyo wa Pachilumba: Kuteteza Banja ndi Katundu Pamene Thandizo Lili Kutsidya

Zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi mbali ya dziko la Malawi, ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'boma la Likoma muli anthu oposa 14,000, ndipo mabanja ambiri amadalira usodzi. Pa Likoma pali chipatala cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, koma wodwala amene vuto lake lakula amatumizidwa kumtunda. Ulendowu umatenga maola ambiri, sitima sibwera tsiku ndi tsiku, ndipo nyanja ikawinduka ngakhale boti la injini silinyamuka.

Pachifukwa ichi, banja la pachilumba liyenera kukonzekera vuto lisanafike, pakuti tsoka silinunkha. Malangizo otsatirawa ndi othandizanso kwa okhala pa zilumba zina, monga Chisi pa nyanja ya Chilwa.

Dziwani nyengo ya nyanja

Mphepo ya mwera imachokera chakummwera ndipo imalimba kwambiri m'nyengo yozizira, kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. M'nyengo ya dzinja namondwe ndi ziphaliwali zimabwera modzidzimutsa. Mphamvu ya nyanjayi si yoipeputsa: mu Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira pa namondwe ndipo anthu 145 anataya miyoyo.

Musananyamuke, mvetserani pa wailesi machenjezo a nthambi yoona zanyengo. Musakwere bwato kapena boti lomwe ladzaza mopitirira muyeso, ngakhale mutachedwa. Valani jekete yoyandamitsa munthu pamadzi ngati ilipo. Ngati palibe, mangirirani m'bwato zigubu zopanda kanthu zotsekedwa bwino. Mowa ndi chamba zimafooketsa ngakhale katswiri wosambira. Mukamva bingu, kocheza kumtunda ndipo musabisale pansi pa mtengo wautali.

Ana aang'ono amamira mwakachetechete, ngakhale m'madzi osaya. Pochapa kapena potsuka mbale kunyanja, pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'anira ana basi.

Munthu akamira

Muponyereni chingwe, nsungwi kapena chigubu m'malo modumphira m'madzi, chifukwa womira amatha kumiza womupulumutsa. Mukamuvuula, onani ngati akupuma. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, mupendeketse mutu wake chambuyo pang'ono, mumutsine mphuno ndi kumuuzira mpweya mkamwa kasanu. Kenako kanikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira ka 30, muuzirenso mpweya kawiri, ndipo bwerezani chomwecho kufikira atayamba kupuma kapena azaumoyo atafika. Musamuzondotse kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke. Kutero kumangotaya nthawi ndipo masanzi angamutsamwitse.

Ngati akupuma, mugonekeni chammbali, mumuvule zovala zonyowa ndi kumufunditsa. Apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa mapapo angayambe kuvuta patapita maola.

Mankhwala asathe nyanja itatseka

Ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a TB, a khunyu, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, musadikire kuti mutsale ndi mapiritsi a tsiku limodzi. Kudukiza ma ARV ndi mankhwala a TB kumapatsa tizilombo mpata woti tipime, ndipo wodwala khunyu akasiya mankhwala angagwere m'madzi kapena pamoto. Fotokozerani azachipatala kumene mumakhala, ndipo funsani ngati angakupatseni mankhwala a miyezi ingapo. Asodzi opita kukagona kutali anyamule mankhwala oposa masiku amene akuganiza kuti akakhala, m'kabotolo kosalowa madzi.

Amayi oyembekezera

Yambani sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo mukaonane ndi azamba kosachepera kasanu ndi katatu. Pitani kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba. Ngati munabereka kale pa opaleshoni, muli ndi mapasa, kapena magazi anu amathamanga, kambiranani ndi azamba msanga za komwe mukachirire ndi tsiku loyenera kuwoloka.

Thamangirani kuchipatala, usana kapena usiku, mukaona chimodzi mwa izi: kutaya magazi, mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa, kapena mwana kusiya kugunda m'mimba.

Likodzo

Madzi ooneka oyera akhoza kukhala ndi likodzo. Wodwala akakodza m'nyanja amatayiramo mazira a nyongolotsi. Mazirawo amaswa, tizilombo take n'kulowa mu nkhono za m'madzi, momwe timachulukana. Tikatulukamo timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka.

Chizindikiro chodziwika ndi magazi mu mkodzo, makamaka pomaliza kukodza. Kwa mnyamata ichi si chizindikiro cha kukula, koma matenda. Likodzo losachizidwa limachepetsa magazi, limaononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo lingayambitse khansa ya chikhodzodzo. Kwa amayi limabweretsa zilonda m'njira yoberekera, zomwe zingachititse kusabereka ndi kuwonjezera chiopsezo chotenga HIV.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena msinkhu wa munthu, ndipo amamwedwa mutadya. Munthu wochira angatengenso likodzo, choncho lolani ana kumwa mankhwalawa nthawi zonse akamaperekedwa kusukulu. Madzi osamba akaphitsidwa, kapena akakhala m'ndowa masiku awiri, tizilomboti timafa.

Kolera ndi kutsekula m'mimba

Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo madera a m'mphepete mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Kolera angaphe munthu m'maola ochepa chabe chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi.

Wiritsani madzi akumwa, kapena thiranimo klorini monga mwa malangizo ndi kudikira mphindi 30. Khomo lililonse ndi doko lililonse likhale ndi chimbudzi, ndipo sambani m'manja ndi sopo. Sungani mapaketi a Thanzi ORS m'nyumba. Wina akayamba kutsekula zamadzimadzi, sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala. Ngati ORS palibe, mu lita imodzi thirani timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Malungo

Gonani m'masikito usiku uliwonse, chaka chonse. Masikito akasanduka ukonde wophera nsomba, ana amagona poyera, ndipo nsomba zing'onozing'ono zimatha zisanakule. Mwana akatentha thupi, akayezedwe pasanathe maola 24. Akamalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akamakomoka kapena kufooka kwambiri, musadikire kuti kuche.

Moto ndi mafuta

Petulo wa boti asungidwe kunja kwa nyumba yogona, pamthunzi, kutali ndi khitchini. Musathire mafuta pafupi ndi nyali yoyaka kapena ndudu. Palafini ndi petulo musaziike m'mabotolo a zakumwa. Mwana akamwa mafutawa musamusanzitse, chifukwa angalowe m'mapapo. Pitani naye kuchipatala. M'nyengo ya mwera musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, pakuti mpweya wake sununkha koma umapha.

Munthu akapsa, thirani madzi oyera ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20, kenako phimbani ndi nsalu yoyera. Musapakepo mazira, mafuta, phulusa kapena mankhwala otsukira mano.

Katundu amene amapulumutsa moyo

Bwato, injini ndi maukonde ndiwo chuma cha banja, ndipo pa tsiku la matenda bwatolo ndi lomwe limanyamula wodwala. Likokereni pamtunda nyengo ikayamba kusintha, ndipo limateni lisanayambe kuchucha. Mvula isanayambe, mangani denga mwamphamvu ndi kudula nthambi zolendewera pamwamba pa nyumba.

Mabuku a kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi zikalata za malo muziike m'pulasitiki yomanga bwino, pamalo amene aliyense wamkulu m'banjamo akudziwa. Buku la kuchipatala likanyowa kapena kupsa, dokotala wa kumtunda sadziwa mankhwala omwe mwakhala mukulandira. Patulani ndalama ya ulendo wadzidzidzi pa foni kapena ku banki mkhonde, kuti tsikulo likafika musagulitse ukonde motchipa.

Gwirizanani ngati mudzi

Mutu umodzi susenza denga. Pamodzi ndi a mfumu, komiti ya padoko ndi mlangizi wa zaumoyo, gwirizanani zinthu zitatu nyengo ya mwera ndi ya dzinja zisanafike: boti lomwe lidzanyamule wodwala usiku, komwe kuzisungidwa mafuta ake, ndi munthu amene foni yake izikhala ndi moto nthawi zonse. Pemphaninso azaumoyo kuti aphunzitse asodzi ndi amayi kutsitsimutsa munthu womira, kuphatikizapo khanda, lomwe limafuna kugwiridwa mosiyana ndi munthu wamkulu.

Ngati muli ndi funso pa za thanzi lanu kapena la amene mukumusamalira, kaonaneni ndi azaumoyo a m'dera lanu nyanja ikadali bata.