Bowo la Pakhoma Limanena Zambiri Kuposa Tepi Yanga

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi kuyesa nyumba za m'misasa ya othawa kwawo, amaganiza kuti ndimangoyendayenda ndi tepi. Ndimayenda nayo ndithu. Buku la Sphere, lomwe mabungwe othandiza pa ngozi amatsatira, limati munthu aliyense akhale ndi malo osachepera masikweya mita 3.5, ndipo kumadera ozizira akhale 4.5 mpaka 5.5 poti kumeneko anthu amaswera m'nyumba. Koma kuyeza kumeneko ngakhale mwana wasukulu angathe. Nyumba ikhoza kukwana muyeso wonsewo, eni ake n'kumagonabe panja.

Chomwe timafuna kudziwa n'chakuti kodi nyumbayo ikugwirizana ndi malo amene yaikidwa. Timasiya tizipangizo toyeza kutentha ndi chinyezi m'nyumba zingapo kwa milungu ndithu, tina pafupi ndi denga, tina pansi pomwe khanda limagona. Manambala ofunika ndi a 2 koloko masana m'mwezi wotentha, ndi a m'bandakucha m'mwezi wozizira. Wina akakupatsani avereji ya tsiku lonse musamukhulupirire msanga, chifukwa ng'anjo ya masana ndi chisanu cha usiku zikaphatikizidwa zimabereka nambala yooneka bwino, yomwe palibe anakhalamo.

Komabe umboni umene ndimaudalira kwambiri suchokera m'tizipangizoto. Ndimayang'ana zomwe eni nyumba asintha. Bowo loboola pamwamba pa khoma likunena kuti utsi ukusowa potulukira. Chiguduli chotseka mpata wolowera mpweya chikunena kuti mpatawo unaloza kumene kumachokera mphepo. Nsalu yodula chipinda pakati ndiye kuti wojambula anaiwala kuti makolo ndi ana osinkhuka sagona malo amodzi. Ku Zaatari m'dziko la Jordan, msasa umene unatsegulidwa mu 2012, matenti analowa madzi ndi mvula ya Januwale 2013, ndipo m'malo mwake munabwera timanyumba tachitsulo tondandalikidwa m'mizere. Anthu a ku Syria okhala mumsasawo anakoka timanyumbato n'kutizunguliza kuti pakati pakhale bwalo la banja lotchingika bwino. Ena anati kumeneko n'kusokoneza pulani. Ine ndimati anthuwo ankakonza zomwe ife akatswiri tinalakwitsa, ndipo sanalipiritse.

Nyumba yopangira kufakitale imakopa opereka ndalama chifukwa imawerengeka ndiponso imaoneka bwino pachithunzi. Ya Better Shelter, yomwe IKEA Foundation ndi UNHCR anathandiza kupanga, ndi ya masikweya mita 17.5, ya anthu asanu, yoti ikhale zaka zitatu. Ili ndi chitseko chokiya, chinthu chomwe amayi m'misasa amachitchula msanga ukawafunsa paokha. Koma mu 2015 mzinda wa Zurich unakana kuigwiritsa ntchito utaiyesa pa moto, mpaka anaikonzanso. Ndipo khoma likang'ambika, msika wapafupi ulibe chigamba chake.

Zipangizo zam'deralo nazonso si mankhwala a zonse. Ku Cox's Bazar ku Bangladesh, komwe a Rohingya oposa 700,000 anafika kuyambira mu 2017, nyumba ndi za nsungwi ndi malona. Nsungwi yosaviika m'mankhwala imafumbwa msanga, ndipo moto wa mu Malichi 2021 unapsereza nyumba masauzande ambiri tsiku limodzi. Apa vuto silinali umbuli wa omanga. Boma la Bangladesh silinkafuna nyumba zokhalitsa, kuopa kuti alendo angakhazikike. Ndale zoterezi zimalowa m'khoma la nyumba kuposa mmene anthu amaganizira.

Kwathu kuno, msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa umandiphunzitsa china. Zidina zomwe anthu amaumba okha n'zoyenera Dowa: khoma lochindikala limasunga kutentha kwa masana n'kukutulutsa usiku wa Juni, ndipo likagumuka mwini wake amalimata yekha. Chimene chimapha nyumba zimenezi ndi madzi, makamaka m'munsi mwa khoma. Msasawu unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli oposa 50,000. Nyumba zathinana moti denga la uyu limathira madzi pakhoma la mnzake, ndipo malo okumba ngalande kapena otulutsira denga kuti liphimbe khoma palibe. Nyumba yabwinobwino imalephera chifukwa cha mpata wa mita imodzi umene wasowa kunja kwake. Kuzizira nako kumalowetsa mbaula m'nyumba zotsekatseka, ndiye ndikamayesa kutentha ndimafunsanso za chifuwa cha ana.

N'chifukwa chake lipoti langa silimangonena mtengo womangira. Ndimalembamo zimene banja lawononga pokonza nyumbayo m'nyengo ziwiri za mvula: lona yatsopano, mapaso, misomali, masiku a ganyu amene atayika. Kawirikawiri nyumba imene inapambana pa tenda chifukwa chotchipa imatsikira pansi pa mndandanda ndalama zimenezi zikawonjezedwa, ndipo tsamba limenelo ndi lomwe timakanganirana kwambiri ndi ogula katundu.