Miyala iwiri ya pansi pa nyanja: wina ukusunga gasi, wina umathandiza nthaka

Gasi amene dziko la Mozambique linayamba kugulitsa kunja mu 2022 sali m'dziwe kapena m'phanga monga ena amaganizira. Ali m'timipata ta pakati pa mchenga umene unauma n'kukhala mwala pansi pa nyanja ya mchere, kufupi ndi gombe la chigawo cha Cabo Delgado. Akatswiri a miyala amautcha mwala umenewu turbidite.

Mwalawu umayamba ndi chigumukire. Mitsinje imatsira mchenga ndi matope m'nyanja chaka ndi chaka, ndipo zimaunjikana pamalo otsetsereka. Muluwo ukalemera kwambiri, kapena kukachita chivomerezi, umagumuka n'kuthamangira kwakuya ngati madzi osefukira. Mu 1929 chivomerezi chinagwedeza nyanja kufupi ndi Newfoundland ku Canada, ndipo mawaya 12 a mauthenga amene anayalidwa pansi pa nyanjayo anaduka. Ena anaduka nthawi yomweyo, koma akutali ankaduka limodzilimodzi kwa maola pafupifupi 13. Apa m'pamene akatswiri anadzazindikira kuti matope amayenda ulendo wautali, ndiponso mwaliwiro, pansi pa madzi.

Zimene zimachitika matopewo akaima, aliyense angathe kuziona pakhomo. Dothi likathiridwa m'botolo la madzi n'kukhutchumula, mchenga waukulu ndi umene umayamba kudikha, kenako wosalala, ndipo matope amathera pamwamba. Turbidite amaoneka chimodzimodzi: wokhakhala pansi, wosalala pamwamba. Mchengawo umasunga gasi, pamene matope okhuthala a pamwamba amakhala ngati chivundikiro.

Choko alibe phuma lotere. Amapangidwa ndi tizigoba ta tizomera ta m'nyanja tosaoneka ndi maso, timene tikafa timagwera pansi pang'onopang'ono m'madzi odekha, kutali ndi matope a mitsinje. Pa zaka 1,000 pamangounjikana masentimita ochepa, pamene chigumukire chimodzi chingayale mchenga woposa pamenepo m'maola owerengeka. Maphompho oyera a ku Dover m'dziko la England, amene ena ndi aatali mamita opitirira 100, ndi choko wa zaka zoposa 66 miliyoni zapitazo.

Kwa mlimi, kusiyana kwenikweni kuli pa zimene zili m'kati mwa miyalayi. Choko ali m'gulu la miyala ya laimu. Akaperedwa n'kuwazidwa m'munda, amachepetsa asidi amene amachuluka m'nthaka yolandira mvula yambiri komanso feteleza wa yureya chaka chilichonse, ndipo asidi akachepa chimanga ndi nyemba zimadya bwino chakudya cha m'nthaka. Turbidite nthawi zambiri amakhala mchenga ndi dongo basi, ndiye ngakhale ataperedwa sangagwire ntchito imeneyi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Viniga kapena madzi a mandimu akadonthezedwa pa mwala wa laimu, pamatuluka thovu. Pa mwala wa mchenga wamba sipachitika kanthu.

Chosokoneza ndi dzina. Choko wambiri amene aphunzitsi amalembera pa bolodi masiku ano sachokera ku mwala umenewu ayi, amapangidwa ndi mwala wina wotchedwa gypsum. Ameneyu satulutsa thovu pa viniga, ndipo sachepetsa asidi m'munda monga amachitira laimu.