Mapazi ozizira angasokoneze zotsatira za kuyeza mitsempha

Odwala shuga ambiri amadandaula kuti mapazi akuchita dzanzi, akutentha ngati aponda makala, kapena akubaya usiku. Kwa ena vutoli limadza ndi HIV, khate, mowa kapena mankhwala a TB a isoniazid. Zikatere, mitsempha yotumiza mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo imakhala ikuwonongeka.

Njira imodzi yoyezera mitsemphayi imatchedwa nerve conduction study. Dokotala amamata timawaya pakhungu n'kutumiza kamphamvu kochepa ka magetsi, ndipo makina amawerenga liwiro la uthenga. Mwa munthu wabwinobwino, liwiroli limaposa mamita 50 pa sekondi m'mikono ndi mamita 40 m'miyendo.

Kuti adziwe ngati matenda akukula, dokotala amayerekeza zotsatira za lero ndi zam'mbuyo. Apa ndiye pagona vuto, chifukwa mtsempha ukazizira umachedwa. Mwendo ukazizira ndi digiri imodzi, liwiro limatsika ndi mamita pafupifupi awiri pa sekondi.

Taganizirani mayi wa ku Nkhoma amene adayezedwa kukutentha mu Okutobala. Mu Juni wadzuka m'mbandakucha, wakwera kabaza mpaka pa Kamphata atavala patapata, kenako minibasi yodzera ku Nathenje kupita ku Lilongwe. Mwendo wake ukakhala utazizira ndi madigiri anayi, makina angawonetse kuti liwiro latsika ndi mamita pafupifupi 8, chikhalirecho mtsempha sudasinthe. Mankhwala angasinthidwe popanda chifukwa, iye n'kubwerera kumudzi ndi nkhawa.

N'chifukwa chake woyeza amayenera kuyamba wayeza kutentha kwa khungu, kufunditsa mwendo ngati wazizira, ndi kulemba nambalayo. Kufunditsa kwake si kwa changu, poti khungu limafunda msanga kuposa mtsempha wa mkati. Timawaya tiyikidwe pamalo omwe aja a ulendo woyamba. Kulakwitsa sentimita imodzi pa mtunda wa masentimita 10 kumasintha zotsatira ndi 10 peresenti.

Lamulo lomweli likukhudzanso kaulusi kotchedwa monofilament, ka magalamu 10, komwe amakhudzitsa kuphazi poyeza dzanzi popanda makina. Kakhudze malo omwewo ulendo uliwonse, kupewa zilonda ndi khungu lokakala. Kakagwira ntchito pa anthu ambiri motsatizana kamafowoka.

Ngati mukuchokera ku Mitundu kapena ku Nkhoma m'nyengo yozizira, valani sokosi ndi nsapato, musadzole mafuta m'miyendo, ndipo tengani buku lanu la kuchipatala lomwe muli zotsatira zakale.