Mbewa za mu labu zikuulula chinsinsi cha nthenda youmitsa khungu

Kwathu kuno mbewa ikatchulidwa, ambiri timangoganiza zowamba zija anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1. Koma kwa asayansi a ku America, Japan ndi Germany, mbewa ili ndi ntchito ina. Kwa zaka pafupifupi 50 tsopano, akhala akuigwiritsa ntchito pofuna kumvetsa scleroderma, nthenda imene mpaka lero ilibe mankhwala ochiziratu.

Dzinali ndi la Chigiriki, ndipo likutanthauza khungu louma. Nthendayi nthawi zambiri imayambira ku zala. Kukazizira, zala zimayera, kenako kuoneka zobiriwira, magazi akabwerera n'kufiira ndi ululu. Pakapita nthawi khungu limalimba ngati chikopa cha ng'oma, zala zimapindika, pakamwa pamachepa, chakudya chimavuta kumeza. Ikalowa m'kati imagwira mapapo, mtima ndi impso. Imakonda amayi kuposa abambo, makamaka a zaka zapakati pa 30 ndi 50. Katswiri wojambula zithunzi Paul Klee anali ndi nthendayi pomwe ankamwalira pa 29 June 1940, n'chifukwa chake 29 June ndi tsiku loganizira nthendayi pa dziko lonse.

Kodi chimachitika n'chiyani m'thupimo? Munthu ukadzicheka, maselo otchedwa fibroblast amapanga collagen, ulusi wolimba wotseka bala, ndipo pamatsala chipsera. Bala likapola, ntchito imaima. Kwa wodwala scleroderma ntchitoyi siima. Thupi limangomanga zipsera pomwe palibe bala, ndipo izi ndi zomwe madokotala amati fibrosis. Funso ndi loti, akuwatuma maselowa ndani?

Apa ndiye pakubwera mbewa. Simungabaye munthu mankhwala oti adwale dala kuti muone mmene nthenda imayambira, komanso odwala amafika kuchipatala zinthu zitapita kale patali. Mbewa imakula msanga, ndipo ofufuza amatha kuchotsa gawo limodzi la chitetezo cha m'thupi mwake n'kuona chomwe chisinthe.

Mu 1976, ofufuza a ku Jackson Laboratory ku Maine, America, analemba za mbewa yobadwa ndi khungu lothina, yomwe anaitcha Tsk. Patapita zaka 20 anapeza kuti vuto lake ndi la chibadwa, pa puloteni yotchedwa fibrillin-1. Mu 1999, Toshiyuki Yamamoto ndi anzake ku Japan anaonetsa kuti mbewa ikamabayidwa bleomycin pansi pa khungu tsiku lililonse kwa milungu pafupifupi inayi, khungu limauma pamalo obayawo. Bleomycin ndi mankhwala a khansa, omwe aja amaperekanso kwa odwala khansa ya Kaposi. Njira yachitatu ndi yotenga maselo a chitetezo a mbewa ina n'kuwaika mwa inzake. Maselo obwerawo amaukira thupi lomwe alowamo, ndipo khungu ndi mapapo zimayamba kuuma.

Njira yachitatuyi inasonyeza poyera kuti asilikali a m'thupi angathe kuyambitsa fibrosis. Asilikaliwa, monga maselo a T, maselo a B ndi ma macrophage, amatulutsa timauthenga monga TGF-beta ndi IL-6, tomwe timauza ma fibroblast kuti apitirize kumanga. Mu 1999, gulu la Anita Gilliam ku Cleveland linatsekereza TGF-beta mu mbewa zoterezi, ndipo khungu ndi mapapo sizinaume. Mu 2006, kafukufuku wina anapeza kuti kuchotsa maselo a B mu mbewa za Tsk zikangobadwa kumachepetsa kuuma kwa khungu. Koma atayesa pa mbewa zomwe nthenda inali itakhazikika kale, sizinathandize. Phunziro lake ndi lowawa: kuchedwa kumaononga.

Komabe tisathamange kuimba nthungululu. Mbewa si munthu, ndipo palibe mbewa imodzi yomwe imadwala ndendende ngati munthu. Ya Tsk ilibe vuto la mitsempha ya magazi lomwe odwala amakhala nalo. Ya bleomycin imauma pamalo obayidwa, ndipo jekeseni akasiyidwa khungu limayamba kubwerera mwakale. Mankhwala a imatinib anagwira bwino ntchito pa mbewa, koma atawayesa pa anthu zotsatira zake zinali zogwetsa ulesi. Mankhwala ena otsekereza TGF-beta, otchedwa CAT-192, nawonso analephera pa anthu. Ndiye mukawerenga pa Facebook kuti "mankhwala apezeka", muzifunsa kaye: apezeka pa mbewa kapena pa munthu?

Izi sizikutanthauza kuti mbewazi zinafa chabe. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza nintedanib mu 2019 ndi tocilizumab, wotsekereza IL-6, mu 2021, kuti azichedwetsa kuonongeka kwa mapapo mwa odwala scleroderma. Mu 2021 momwemo, Japan inavomereza rituximab, amene amachotsa maselo a B. Mu 2024, madokotala a ku Erlangen ku Germany anafalitsa zotsatira za odwala 15 a matenda oti thupi limadziukira lokha, anayi mwa iwo a scleroderma, omwe anapatsidwa maselo awo omwe a T atasinthidwa mu labu kuti azisaka maselo a B. Zotsatira zinali zopatsa chiyembekezo, ngakhale anthu anayi ndi ochepa kwambiri ndipo njirayi ndi yodula zedi.

Mwina mukuti, zimenezi n'za azungu, ife zikutikhudza pati? Mu 1957, dokotala L.D. Erasmus analemba za kuchuluka kwa scleroderma pakati pa anthu okumba golide ku Witwatersrand ku South Africa. Fumbi la miyala lotchedwa silica tsopano limadziwika kuti limaonjezera chiopsezo cha nthendayi. Migodi yake ndi yomwe ija ya ku Joni, komwe agogo athu ambirimbiri anapita pa Wenela. Lero fumbi la miyala timalipuma konkuno, m'makwale ndi m'migodi ing'onoing'ono ya golide, kawirikawiri popanda chophimba kumphuno.

Scleroderma ndi yosowa, siipatsirana, ndipo si kulodzedwa. Koma ngati zala zikusintha mtundu kukazizira, zikutupa, khungu likuthina kapena mpweya ukuperewera, pitani kuchipatala msanga ndipo mufotokoze zonse, kuphatikizapo ntchito zomwe munagwirapo. Ngakhale mankhwala otchipa a BP monga captopril ndi enalapril amapulumutsa impso nthendayi ikazigwira, bola vutolo ligwidwe nthawi idakalipo.