Mavuto a ndalama za komishoni pa intaneti: mafunso ndi mayankho

Kodi affiliate marketing imayenda bwanji?

Munthu wochita ntchito imeneyi alibe katundu wakewake. Amalembetsa ku kampani monga Amazon, imene inayambitsa pulogalamu ya Associates mu 1996, ndipo amapatsidwa linki yokhala ndi chizindikiro chake. Linkiyo amaiika pa webusaiti, pa YouTube kapena pa Facebook. Wina akaidina n'kugula, kampani imadulira mwini linkiyo kagawo ka mtengowo. Zikufanana ndi woitanira minibasi pa siteji: angakuwe mpaka mawu kusasa, koma okwera akapanda kulowa, m'thumba mwake simugwa kanthu.

N'chifukwa chiyani ambiri amaleka asanalandire ngakhale kakobiri?

Mwa anthu owerenga nkhani, odina linki amakhala ochepa, ndipo mwa odinawo ogula amachepanso. Woyamba kumene alibe khamu lomutsatira, pomwe bandulo ndi lendi ya webusaiti zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Amazon imatseka akaunti ya munthu amene sanabweretse malonda atatu m'masiku 180 oyambirira. Ngakhale malonda achitike, malipiro amafika patatha masiku pafupifupi 60 mwezi utatha, ndipo wogula akabweza katundu, komishoni nayo imafufutidwa.

Nanga wogula akadina linki lero n'kudzagula mawa lake?

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu. Kampani imadziwa amene wabweretsa wogula kudzera m'kafayilo kotchedwa cookie, kamene kamasungidwa m'foni kapena m'kompyuta ya wogulayo. Ku Amazon kafayiloka kamagwira ntchito maola 24 okha, pokhapokha wogula ataika katunduyo m'basiketi nthawiyo isanathe. Munthu wofuna laputopu sagula tsiku lomwelo. Amayamba wafunsa anzake, wayerekeza mitengo, wadikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Pofika pogula, amene anamufotokozera ubwino wa laputopuyo waiwalika kale.

Komanso makampani ambiri amalipira linki imene yadinidwa pomaliza. Mu Disembala 2024 kunabuka mkangano pa Honey, pulogalamu ya PayPal yofufuzira makuponi, imene inanenedwa kuti imalowetsa chizindikiro chake wogula ali pafupi kulipira, n'kutenga komishoni ya amene anakhetsa thukuta. Nkhaniyi inafika m'makhoti ku America.

Ndani amene amakhazikitsa mlingo wa komishoni?

Ndi kampani yokha, ndipo imausintha osafunsa aliyense. Mu Epulo 2020 Amazon inatsitsa komishoni ya mipando ndi zipangizo zokonzera nyumba kuchoka pa 8 peresenti kufika pa 3, ndipo ya zakudya kuchoka pa 5 kufika pa 1. Amene ankadya madola 16 pa mpando wa madola 200 anayamba kupeza madola 6, ntchito ili yomweyo. Njira yobweretsera owerenga nayonso ili ndi mwini wake. Google ikasintha kasanjidwe ka zotsatira, monga inachitira mu Seputembala 2023, webusaiti imene inali patsamba loyamba imatha kuzimirira osachenjezedwa.

Kodi wolemba angangotamanda katundu kuti anthu agule?

Chiyeso chilipo, pakuti woipitsa katundu salandira kanthu. Koma owerenga sapusitsika kawiri. Ku America bungwe la Federal Trade Commission limalamula kuti wolandira komishoni aulule zimenezi poyera, ndipo Amazon imafuna zomwezo kwa onse olembetsa.

Nanga kwa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata zikusiyana pati?

Anthu omutsatira ambiri sagula pa Amazon, chifukwa kutumiza katundu kumadula ndipo polipira pamafunika khadi la ku banki lovomerezeka kunja. Motero amakakamizika kulembera anthu a ku America kapena ku Britain, m'Chingelezi, za katundu amene mwina sanamugwirepo n'komwe, akupikisana ndi manyuzipepala akuluakulu okhala ndi antchito oyesa katundu. Kulandira ndalamazo nakonso n'kovuta: Amazon siilipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo m'mayiko amene siitumiza ndalama ku banki mwachindunji, chotsala chimakhala cheke kapena khadi logulira katundu pa Amazon pomwepo.